MKAKA WA KU PALABANA NDI NCHITO ZA ANYAMATA NDI ASUNGWANA

(Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja, yosindikizidwa pano kuti amene sanaimve aiwerenge.)

Munthu wocoka m'mzinda wa Lusaka mbanda kuca, nalunjika ca kum'mawa kupyola mapulazi a ku Leopards Hill, afika ku Palabana dzuwa lisanakwere. Malowa ali m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli, anthu a Mfumu yaikuru Nkomeshya Mukamambo II. Pa nthawi imeneyo ya m'mawa paoneka magulu awiri a anyamata pa mseu. Gulu loyamba liri pa njinga, zigubu za mkaka zomangidwa kumbuyo, ndipo lifulumira kuti mkakawo ufike ku malo ousonkhanitsira usanasase. Gulu laciwiri laima m'mbali mwa mseu, lobvala bwino, makalata a sukulu ali m'manja, kuyembekeza galimoto yopita ku tauni kukafuna nchito. Oyambawo abwerera dzuwa lisanafike pamutu, zigubu ziri zopanda kanthu, koma maina ao atalembedwa m'buku la malipiro. Aciwiriwo abwerera ndi mdima, ndipo kawiri kawiri abwera ndi mau omwewo amene anamva dzulo ndi dzana, akuti malo palibe.

Nkhani ya lero iri pa magulu awiriwa, ndi pa zimene Boma la Zambia layesa kucita, kuyambira pa ufulu kufikira masiku ano, kuti gulu laciwirilo licepe.

Anthu acuruka, mipando yacepa

Pamene dziko lino linalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu ace anali ngati 3,500,000, ndipo mwa iwo amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesiti anali ngati 100 okha. Masiku amenewo nchito ndiyo inali kufunafuna munthu wophunzira, pakuti Azungu ambiri anali kubwerera kwao, nasiya mipando m'maofesi, m'masukulu ndi ku migodi. Mnyamata wa Form II anapeza ukalaliki wosabvutika, ndipo makolo ace anaona ndi maso ao kuti kalata ya sukulu ndiyo mfungulo ya ofesi. Ganizo limeneli linazika mizu, ndipo kufikira lero silinafote.

Koma kalembera wa caka ca 2022 anapeza anthu oposa 19,000,000, ndiko kuti anthu acuruka koposa kasanu, ndipo ambiri a iwo ndiwo ana ndi acinyamata. Boma liwerenga kuti wacinyamata ndiye munthu wa zaka 15 kufikira 35. Caka ndi caka khamu la otere lituruka m'masukulu, koma nchito za malipiro a pa mwezi sizinacuruke pa liwiro lomwelo. Cotero Azambia ambiri ogwira nchito saigwira m'ofesi kapena m'fakitale, koma m'munda, pa msika, m'mbali mwa mseu, kumene kulibe kalata ya nchito kapena penshoni. Ici ndico ciyambi ca bvuto, ndipo boma liri lonse limene lalamulira dziko lino lakomana nalo.

Zimene zinayesedwa kale

Pulezidenti woyamba, Kenneth Kaunda, anazindikira msanga kuti matauni sadzatha kulandira onse. M'mwezi wa January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu m'Ndola, anaitana anthu opanda nchito kuti apange magulu a cigwirizano, nalonjeza kuti Boma lidzawathandiza ndi ndalama. M'zaka zomwezo analankhulanso za tsiku limene Mzambia ali yense adzadya dzira limodzi ndi kumwa painti ya mkaka tsiku ndi tsiku. Malonda a mkaka anali m'manja mwa bungwe la Boma lochedwa Dairy Produce Board, ndipo ku Palabana kunakhazikika sukulu yophunzitsa kuweta ng'ombe za mkaka, kuti nchito imene inali ya alimi a Cizungu a m'mbali mwa njanji ilowenso m'manja mwa eni dziko.

Anyamata osiya sukulu anatengedwa poyamba ndi gulu la Zambia Youth Service, limene m'caka ca 1971 linalowedwa m'malo ndi Zambia National Service. M'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, cuma ca dziko cinayamba kuphwa, ndipo Boma linatsegula misasa ya kumidzi yochedwa Rural Reconstruction Centres, kumene anyamata opanda nchito anatumizidwa kukatsegula minda. Otsiriza Form V anakakamizidwanso kupita ku National Service, mpaka lamulolo linalekeka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mfuu ya masiku amenewo inali yakuti anthu abwerere ku nthaka.

Colinga cinali cabwino, koma zipatso zinacepa. Magulu ambiri a cigwirizano anapangidwa cifukwa ca ndalama zolonjezedwazo, ndipo ndalama zitatha magulunso anatha. M'misasa ya kumidzi anyamata anakhala kutali ndi kwao, pansi pa mwambo wa usilikali, kulima munda umene sanauyese wao. Cotero ambiri anathawa, nabwerera ku makomboni kumene anacokera. Munthu angathe kutumizidwa ku munda ndi lamulo, koma lamulo silimkhazika kumeneko ngati saona cimene cidzakhala cace.

M'caka ca 1991, polowa boma la Frederick Chiluba, njira inasintha. Makampani a Boma anagulitsidwa. Dairy Produce Board inagulitsidwa mu 1996 kwa kampani ya Bonnita, imene pambuyo pace inalowa m'manja mwa Parmalat. Ndipo kugulitsa migodi ya mkuwa kunatsirizika mu 2000. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Kuyambira pamenepo Boma linayamba kunena kuti gawo lace lalikuru siliri kulemba anthu nchito, koma kukonza njira kuti ena alembe, ndi kuti anthu adzilembe okha. Pa cifukwa cimeneci kunabadwa bungwe la TEVETA, loyang'anira masukulu a nchito za manja, mwa lamulo la 1998, ndi bungwe la Citizens Economic Empowerment Commission, lokongoza nzika ndalama za malonda, mwa lamulo la 2006. Kunalinso thumba la ngongole za acinyamata, koma zambiri za ngongolezo sizinabwezedwe, pakuti ena anaziyesa mphatso ya ndale, ndipo ena anazilandira asanadziwe malonda amene anati adzacita.

Boma la Hakainde Hichilema, limene linalowa mu 2021 ndi mavoti ambiri a acinyamata, linacotsa malipiro a sukulu kuyambira mu January 2022. Caka comweco linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zipatala 11,276, ndipo linakweza thumba la citukuko ca m'zigawo, lochedwa CDF, kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciri conse ca zigawo 156 za nthawi imeneyo. Gawo lina la thumbalo linaikidwa kulipirira anyamata ndi asungwana ku masukulu a nchito za manja, ndi lina kuthandiza magulu a acinyamata ndi a amai. Kulemba anthu oposa 40,000 m'caka cimodzi nkwakukuru ndithu, ndipo mabanja ambiri anapuma nako. Koma ofunsira anaposa malowo kutali, ndipo Boma silingathe kulemba otere caka ndi caka. Otsalawo ayenera kupeza nchito kwina.

Miyendo inai ya ng'ombe

Apa ndi pamene Palabana ali ndi phunziro. Ng'ombe iima ndi miyendo inai, ndipo umodzi ukatyoka itatu yotsalayo siingaifikitse ku dambo. Nchito ya mkaka nayonso iima pa zinthu zinai: luso, malo, ng'ombe yeni yeniyo, ndi msika. Njira zambiri zimene zinalephera kale zinapatsa mnyamata cimodzi kapena ziwiri za izi, ndi kumsiya kuti zotsalazo adzionere yekha.

Coyamba ndico luso. Ng'ombe ya cikaya ipirira zambiri, koma mkaka wace ndi wocepa, malita awiri kapena atatu pa tsiku. Ng'ombe ya mtundu wa Friesian kapena Jersey, kapena yosakaniza mitundu imeneyi ndi ya cikaya, ingathe kupatsa malita 10 kapena kuposa, koma ifuna mwini wodziwa. Itenga bere miyezi 9, ikamidwa ngati miyezi 10, ndipo pambuyo pace iyenera kupuma miyezi iwiri isanaberekenso. Mwini akaphonya masiku ace ofuna nkhunzi, wataya milungu itatu ya mkaka wa m'tsogolo. Nkhupakupa zikalekereredwa zibweretsa nthenda ya cigodola, imene ena aichula denkete, ndipo nthendayi yapululutsa makola ambiri m'dziko lino. Wokama ndi manja akuda, kapena m'cigubu cosatsuka, aononga mkaka wace ndi wa anzace omwe. Zonsezi ziphunziridwa, ndipo ndizo zimene sukulu ya ku Palabana inakhazikitsidwira.

Caciwiri ndiwo malo, pamodzi ndi madzi ndi msipu. Ng'ombe yokamidwa imwa malita 60 kapena kuposa pa tsiku la dzuwa. Kuyambira mwezi wa May kufikira October mvula kulibe, udzu uuma, ndipo mlimi amene sanadule udzu ndi kuusunga, kapena kukwirira mapesi a cimanga caciwisi m'dzenje, aona mkaka ulikuphwa pa nthawi yomweyo imene ogula aufunitsa. Mnyamata wopanda pace pomanga khola sangathe kucita ciri conse ca izi. Bvutoli likula m'dera la Chongwe, popeza mzinda wa Lusaka ulikutambasuka ca kum'mawa, ndipo malo amene anali msipu alikudulidwa kukhala mapuloti a nyumba, pa mtengo umene mwana wotsiriza sukulu sangaufikire.

Cacitatu ndiyo ng'ombeyo. Yaikazi ya bere ya mtundu wabwino iri ndi mtengo wolemera, ndipo thole lobadwa lero lifuna zaka ziwiri kapena kuposa lisanapatse dontho loyamba la mkaka. Ngongole yofuna kubwezedwa m'miyezi yowerengeka siigwirizana ndi nchito yotere. Cifukwa cace mabungwe ena othandiza alimi m'dziko lino anatsata njira yopatsirana: banja lilandira ng'ombe, ndipo thole loyamba lalikazi liperekedwa kwa banja lina. Njira imeneyi siiri yacilendo kwa anthu a kuno, pakuti makolo anali kuikiza ziweto kwa mbale wosauka kuti naye ayambe khola.

Cacinai ndiwo msika. Cimanga cidikira m'nkhokwe mpaka mtengo ukome, koma mkaka sudikira. Ukapanda kuziziritsidwa usasa m'maola ocepa. Mlimi wa ng'ombe ziwiri sangathe kugula thanki yoziziritsira, ndipo kampani ya ku tauni siingatumize galimoto kukatenga malita 15. Mutu umodzi susenza denga. Pozindikira ici, alimi a mkaka a ku Palabana anadzipangira gulu la cigwirizano lokhala ndi malo osonkhanitsira mkaka, monga anacitiranso anzao a ku Magoye ndi ku Monze. Pa malo otere mkaka uyesedwa ngati wathiridwa madzi kapena wayamba kusasa, ulembedwa m'buku, nuthiridwa m'thanki yozizira kufikira wogula afike. Kusiyana kwa gulu lotere ndi ambiri a magulu a 1965 ndi uku: awa anasonkhana cifukwa anali ndi cogulitsa, pamene aja anasonkhana cifukwa kunali colandira.

Komabe mwendo wacinaiwu nawonso utsimphina. M'nyengo ya 2023 ndi 2024 mvula inakana, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Msipu unapsa, mtengo wa gaga unakwera, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Thanki yopanda magetsi iri mbiya cabe. Mlatho wokokoloka, mseu wa matope, kapena wogula wolipira mocedwa, zonsezi zingathe kugwetsa mnyamata amene wacita mbali yace yonse bwino.

Nchito zobisika m'cigubu

Ena adzati si onse angathe kukhala ndi ng'ombe, ndipo anena zoona. Koma m'cigubu cimodzi ca mkaka muli nchito za anthu ambiri. Alipo wodula ndi kumanga udzu wogulitsa m'cirimwe. Wogaya ndi kusakaniza zakudya za ng'ombe. Wopopera mankhwala a nkhupakupa. Wobereketsa ng'ombe ndi mbeu ya m'botolo. Wonyamula mkaka pa njinga. Woyesa mkaka ndi mlembi wa mabuku a gulu. Wokonza thanki ndi makina a magetsi a dzuwa. Ndiponso wopanga mkaka wosasa wogulitsa pa msika. Zambiri za nchito izi zifuna munthu wodziwa kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo asungwana azitha monga anyamata. Sukulu siinatayike pa munthu wozigwira.

Palabana adziwikanso ndi nchito ina ya ng'ombe. Pofika m'zaka za m'ma 1990 kunali kumeneko malo ophunzitsa kulima ndi ng'ombe za pa goli, othandizidwa ndi dziko la Netherlands, ndipo cipangizo cina cong'amba nthaka youma pansi, cokokedwa ndi ng'ombe, cinachedwa ndi dzina la Palabana. Mnyamata wokhala ndi ng'ombe ziwiri zophunzitsidwa, khasu la ng'ombe ndi ngolo, alimira anzace m'dzinja, natuta zokolola m'masika, nanyamula njerwa ndi mcenga m'cirimwe. Ndipo wosula zitsulo wokonza zipangizozo apeza nchito cifukwa ca iye.

Boma la Michael Sata, limene linalowa mu 2011, linalengeza kuti sukulu ya ku Palabana ikwezedwe kukhala yunivesiti, pamodzi ndi ya ku Chalimbana m'boma lomweli, imene yaphunzitsa aphunzitsi kuyambira 1939. Nchito yomanga ku Palabana inatenga zaka zambiri. Dziko lifuna ndithu akatswiri a ziweto, ndipo nkwabwino kuti aphunzire pafupi ndi makola. Koma pali cinthu coyenera kucenjera naco. Ngati wotsiriza maphunziro a ng'ombe aturuka ndi kalata yace ndi kukaima m'mbali mwa mseu pamodzi ndi gulu laciwiri lija, ndiye kuti dziko langokweza msinkhu wa ulova. Yunivesiti yotere idzayesedwa ndi kucuruka kwa makola amene ana ace atsegula kapena kuwongola, osati ndi kucuruka kwa mikanjo ya pa tsiku la cikondwerero.

Mau kwa eni nkhani

Kwa Boma ndi makomiti ogawa ndalama za CDF phunziro liri poyera. Kulipirira mnyamata maphunziro ndi kumsiya wopanda malo, kapena kumpatsa ng'ombe kumene kulibe thanki, ndiko kutaya ndalama kawiri, pakuti ndalama zipita ndi mtima wa mnyamatayo upitanso. Nkwabwino kuimika anyamata 20 pa miyendo yonse inai koposa kugawira 200 mwendo umodzi umodzi. Dibi logwira nchito, citsime, mseu wopitika m'dzinja ndi magetsi a dzuwa pa malo osonkhanitsira mkaka sizioneka ngati nchito za acinyamata, koma ndizo zisunga nchitozo. Ndipo ndalama zipite kwa amene ayamba kale kanthu, posayang'ana mtundu wa malaya a cipani amene abvala.

Kwa mafumu, anyakwawa ndi makolo, nkhani iri pa nthaka. Bambo wogulitsa munda wonse kwa anthu a ku tauni adya bwino caka cimodzi, koma wagulitsa pamodzi nao nchito ya ana ace. Ndipo kholo limene ligwiritsa mwana nchito ya m'khola zaka ndi zaka, osampatsa ngakhale thole limodzi lochedwa lace, lisadabwe pomuona atakwera galimoto ya ku tauni. Cimene cinathawitsa anyamata m'misasa ya 1975 cingathe kuwathawitsanso pa khomo la atate ao.

Kwa anyamata ndi asungwana, mau sali okometsera. Ng'ombe siidziwa Sabata, siidziwa maliro kapena ukwati. Ikamidwa m'mawa ndi madzulo, tsiku liri lonse la caka. Walira mvula walira matope. Ndalama zace zoyamba ndi zocepa, ndipo anzace a ku tauni adzamseka wonunkha ndowe. Palibe colakwa kufunsira nchito ya Boma pamene malo alengezedwa. Colakwa ndico kukhala pansi zaka zisanu kuyembekeza dzina limene mwina silidzaturuka. Akuru anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Amene alibe ng'ombe ayambe ndi cikwakwa, kapena ndi njinga, kapena kukama kwa mlimi wina kufikira adziwe nchito. Ndipo ngongole akailandira aibweze, pakuti wosabweza atsekera mng'ono wace khomo.

Mkaka wokha sudzatha ulova wa dziko lonse. Migodi, mafakitale ndi malonda ziri ndi gawo lao lalikuru. Koma lonjezo lija la painti ya mkaka kwa Mzambia ali yense silinakwaniridwebe, ndipo mzinda wa anthu mamiliyoni uli pa khomo peni peni pa Palabana, wofuna mkaka m'mawa uli wonse. Mawa mbanda kuca magulu awiri aja adzakhalanso pa mseu. Ngati Boma, mafumu ndi makolo aimika miyendo inai ija, ena mwa oima m'mbali adzaoloka mseuwo mwa kufuna kwao, popanda wowakakamiza.